Mwana wanga amupeza ndi mphutsi ya njoka mu ubongo: inafikamo bwanji, ndipo achira?

Funso: Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 11 anagwa mwadzidzidzi mwezi watha. Dzanja lamanja linayamba kugwedezeka lokha, kenako nkhope, mpaka anakomoka. Anali asanadwalepo chonchi, ndipo kumtundu kwathu kulibe wa khunyu. Atamujambula mutu pa makina a CT anati ali ndi neurocysticercosis, kuti ndi mphutsi ya njoka ya nkhumba imene ili mu ubongo. Chikundizunguza mutu n'chakuti kunyumba kwathu nkhumba sitidya n'komwe. Amupatsa mankhwala a khunyu, ndipo akuti ayambanso ena opha mphutsiyo. Inafikamo bwanji? Achira? Adzamwa mankhwala moyo wake wonse? Nanga azing'ono ake awiri ali pangozi? *Mayi wodandaula*

Yankho: Mayi, pepani kwambiri. Kuona mwana wako akuphupha pansi iwe wopanda chochita n'chinthu chimene kholo siliiwala msanga, ndipo kuuzidwa pambuyo pake kuti mu ubongo mwake muli chamoyo kumangowonjezera nthumanzi. Ndiyambe ndi zimene mtima wanu ukufuna kumva. Mwa zonse zimene makina aja akanatha kupeza m'mutu mwa mwana amene wayamba kugwa mwadzidzidzi, ichi chili m'gulu la zochizika. Si khansa. Ana ambiri opezeka ndi vutoli amachira bwinobwino, amapitiriza sukulu, ndipo ochuluka amadzasiya mankhwala a khunyu nthawi ikakwana. Si matenda achilendonso ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati m'madera amene njoka ya m'mimba imeneyi ndi yofala, monga ku Latin America, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ku India ndi mbali zina za Asia, pafupifupi anthu 30 mwa 100 alionse odwala khunyu anaiyamba chifukwa cha mphutsi zomwezi.

Nkhani ya nkhumbayi imasokoneza anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito zachipatala, ndipo ndikufuna tiimepo ndithu, chifukwa chitetezo cha azing'ono ake chagona pamenepa.

Njokayi dzina lake ndi Taenia solium. Ndi yaphanthiphanthi, yoyera, ya mfundo zambirimbiri, ndipo imatalika mamita awiri kapena kuposerapo. Ikakula imakhala malo amodzi okha: m'matumbo mwa munthu, osati mwa nkhumba. Munthu amaitenga akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino imene ili ndi timatumba toyera tonga njere za mpunga. M'kathumba kalikonse muli mphutsi, imene ikafika m'matumbo imakola khoma ndi tingowe take n'kukula mpaka kukhala njoka yathunthu pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Mwini njokayo kawirikawiri samva kudwala kulikonse. Amayenda, amagwira ntchito, amaphikira anthu, koma pafupipafupi mfundo za njokayo zimaduka n'kutuluka ndi chimbudzi, ndipo mfundo imodzi yokha imatha kusunga mazira okwana 50,000 osaoneka ndi maso. Nkhumba ikadya chimbudzi chimenecho, mazira amaswa m'mimba mwake, mphutsi n'kukakhala m'minofu kudikira munthu wina wodzadya nyamayo.

Tsoka limadza pamene mazira amene akanamezedwa ndi nkhumba amezedwa ndi munthu. Mazirawo sasankha. Amaswa, timphutsi timaboola khoma la matumbo, timalowa m'magazi, n'kukatsakamira m'minofu, pansi pa khungu, m'diso, kapena mu ubongo. Ndiye kuti kudya nkhumba kumabweretsa njoka ya m'matumbo, pomwe mphutsi ya mu ubongo imachokera ku mazira a m'chimbudzi cha munthu, kudzera m'manja osasamba, m'chakudya chimene manjawo agwira, m'madzi akumwa, kapena m'masamba ndi zipatso zimene zakhudzana ndi chimbudzi. Mwana wanu sanafunikire kulawa nkhumba ngakhale kamodzi.

Umboni wodziwika bwino wa zimenezi unachokera ku New York. Mu 1992 madokotala analemba za anthu anayi a m'mabanja a Ayuda osunga chipembedzo chawo mosamalitsa, amene nkhumba saikhudza n'komwe, koma anapezeka ndi mphutsizi mu ubongo. Zofufuza zinaloza kwa antchito a pakhomo ochokera ku Latin America, kumene njokayi ndi yofala. Sindikutchula nkhaniyi kuti mukayambe kukayikira wantchito. Wosunga njoka atha kukhala wina aliyense: mlendo, wachibale amene anadya nkhumba paulendo, wogulitsa chakudya, mnzake wa mwanayo. Iyenso sadziwa kuti ali nayo, ndipo ndi wodwala wofunika thandizo, chifukwa mazira omwewo atha kumufikira yekha mu ubongo kuchokera m'manja mwake.

Komanso musathamangire kuloza chala amene mukukhala naye lero, poti mphutsi ikalowa mu ubongo imatha kukhala zaka osadziwika. Izi zinaonekera bwino mwa asilikali a ku Britain amene ankagwira ntchito ku India nthawi ya utsamunda. Atabwerera kwawo, kumene njokayi sinali yofala, ambiri mwa amene anatenga mphutsizi ankayamba kugwa khunyu patadutsa zaka zingapo, kawirikawiri pafupifupi zisanu, ena mochedwa kuposa pamenepo. Mwana wanuyu mwina anameza mazirawo chaka chatha, mwinanso ali m'kalasi yoyamba.

Nanga n'chifukwa chiyani wagwa tsopano? Apa pali chinthu chimene makolo ambiri amadabwa nacho. Mphutsi ikakhala yamoyo ndi yamphamvu, imakhala phee m'kathumba kake ka madzi, ndipo imatulutsa zinthu zogonetsa chitetezo cha m'thupi kuti chisaiukire. Nthawi imeneyo mwana amakhala bwinobwino. Ikayamba kukalamba ndi kufa, mphamvu yobisalayo imatha, thupi limaizindikira n'kuiukira, ndipo malo ozungulira kathumbako amatupa. Kutupa kumeneko ndiko kumasokoneza mphamvu ya magetsi imene ubongo umagwirira ntchito, mwana n'kugwa. Choncho nthawi zambiri kugwako kumasonyeza kuti mphutsi yayamba kufa, osati kuti ikudya ubongo kapena kuswana. Mu ubongo siiswana. Zimene mwafotokoza, kuti linayamba ndi dzanja lamanja kenako nkhope, n'zimene timaona kawirikawiri: kugwedezeka kumayambira mbali imodzi ya thupi malinga ndi pamene kathumbako kali, ndipo dzanja lamanja limalamulidwa ndi mbali ya kumanzere ya ubongo. Mphutsi ikafa, kathumbako kamafwota. Mwa ana ena kamazimiririka osasiya chizindikiro, mwa ena kamasiya kachipsera kolimba ka kashiamu kamene kamaoneka pa CT mpaka kalekale.

Mukabwerera kuchipatala, funsani dokotala zinthu zitatu izi, chifukwa chithandizo chonse chimatsamira pamenepo: timatumba tilipo tingati, tili pati, ndipo tili pa msinkhu uti, kaya tamoyo, takufa, kapena touma kale.

Mwayi wa ana ndi achinyamata ndi wakuti ambiri amakhala ndi kathumba kamodzi kokha, kakang'ono kosakwana masentimita awiri, kamene kayamba kale kufa, ndipo kali m'nyama ya ubongo momwemo. Mtundu umenewu ndiwo wofatsa kuposa yonse. Vuto lake n'lakuti pa chithunzi umafanana kwambiri ndi chotupa cha TB ya mu ubongo, ndipo madokotala a ku India, kumene matenda awiriwa ndi ofala, alimbana nalo funsoli kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake dokotala atha kufunsa ngati mwana wakhala akutsokomola, kutentha thupi kapena kuonda, atha kujambula chifuwa, kapena kupempha MRI, njira ina yojambulira mutu imene nthawi zina imaonetsa mutu wa mphutsi ngati kadontho mkati mwa kathumba. Kadontho kameneko kakaoneka, chikayiko chatha. Kuyeza magazi kumathandiza, makamaka njira ya EITB yofufuza zizindikiro zoti thupi lakumana ndi mphutsiyi, koma ngati kathumba n'kamodzi, magazi amatha kusaonetsa kanthu ngakhale matenda alipo. Chimodzimodzinso chimbudzi cha mwanayo: chitha kupezeka chopanda mazira, ndipo zimenezo sizitsutsa zimene CT yaonetsa.

Ilipo mitundu ina yovuta imene ndiyenera kukuuzani, ngakhale siichitikachitika. Timatumba tikakhala m'mipata ya madzi ya mkati mwa ubongo kapena pansi pa ubongo, timatha kutseka njira ya madziwo, madzi n'kudzaza m'mutu. Apo pamafunika opaleshoni yochotsa kathumbako kapena yoika kachubu kotulutsa madzi. Mtundu umenewu umakonda akuluakulu kuposa ana. Koma pali wina umene umakonda ana ndi atsikana achisodzera: timatumba tambirimbiri timafa nthawi imodzi, ubongo wonse n'kutupa. Mwana wotere amamva mutu kwambiri, amasanza, saona bwino, amawodzera mosadziwika bwino. Ameneyo sapatsidwa mankhwala opha mphutsi, chifukwa angawonjezere kutupa mpaka kuika moyo pachiswe. Amayamba athana ndi kutupako.

Pa chithandizo, ndondomeko imene madokotala anu atsata, yoyamba ndi mankhwala a khunyu kenako opha mphutsi, ndi yolondola. Makolo ambiri mtima umakhala pa kupha mphutsi, koma chimene chingamuvulaze mwana sabata ino ndi kugwa, osati mphutsi yomwe ikufa kale. Mankhwala a khunyu, kaya ndi carbamazepine, levetiracetam, phenobarbital kapena ena, amwedwe tsiku lililonse pa nthawi yake, osadumphitsa, ngakhale mwana akuoneka kuti wachira. Kuwasiya mwadzidzidzi ndi njira yachidule yoitanira kugwa kwamphamvu kosalekeza. Asanathe, katengeni ena. Ngati akumwa carbamazepine, phenobarbital kapena phenytoin n'kutuluka zidzolo pakhungu, makamaka pamodzi ndi kutentha thupi kapena zilonda m'kamwa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala opha mphutsi amene madokotala amayambira nawo ndi albendazole. Dzinalo mwina mukulidziwa, poti ndi omwe aja a njoka za m'mimba, koma mlingo wake pano ndi wina: mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la mwana patsiku, ogawidwa kawiri, kwa sabata imodzi kapena awiri malinga ndi mtundu wa kathumbako. Amalowa bwino m'magazi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono. Ngati timatumba tamoyo tapitirira tiwiri, amawonjezera praziquantel, chifukwa awiriwa pamodzi amapha bwino kuposa albendazole yekha. Ngati timatumba tonse tinauma kale n'kukhala zipsera za kashiamu, mankhwala opha mphutsi alibe ntchito, poti palibe chamoyo choti aphe.

Chonde mvetsetsani ichi: mankhwalawa akayamba kugwira ntchito, mphutsi imafa mofulumira, ndipo kutupa kumatha kuwonjezeka m'masiku oyambirira. Mwana atha kumva mutu, kusanza, ngakhale kugwanso. N'chifukwa chake albendazole samwedwa yekha. Amatsagana ndi mankhwala ochepetsa kutupa a gulu la steroid, monga prednisolone kapena dexamethasone, amene amayambidwa albendazole asanayambe. N'chifukwa chakenso dokotala ayenera kuyang'ana mkati mwa maso a mwana asanapereke mankhwalawa, popeza kathumba kakakhala m'diso n'kufera momwemo, kutupa kwake kutha kuononga diso. Ngati sanamuyang'ane m'maso, kumbutsani, ndi ufulu wanu. Ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse, musagule albendazole kapena praziquantel panokha kuti muwonjezere mlingo, kapena kuti mupatse mwana wina amene akugwa koma sanajambulidwe. Mankhwala otsika mtengo ndi opezeka paliponsewa atha kupha akaperekedwa kwa mwana amene ubongo wake watupa kale.

M'masiku amenewo ndi m'miyezi yotsatira, thamangirani kuchipatala ngati mutu ukupweteka mowirikiza ndi kusanza makamaka m'mawa, ngati akuona zinthu ziwiriziwiri, akuyenda modzandira, akuvuta kudzutsa, wafooka mbali imodzi, kapena wagwa kupitirira mphindi zisanu.

Za kumwa mankhwala moyo wonse, kwa ana ambiri yankho ndi ayi. Kawirikawiri amajambulanso mutu pakatha miyezi 6. Ngati kathumbako kazimiririka osasiya chipsera, ndipo mwana wakhala miyezi 6 osagwa, dokotala amayamba kuchepetsa mankhwala pang'onopang'ono mpaka kusiya. Malangizo amene World Health Organization inatulutsa mu 2021 amatero. Ngati patsala kachipsera ka kashiamu, kapena mwana wakhala akugwabe, mwayi woti khunyu ibwerere umakhala waukulu, ndipo mankhwala amapitirira kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo chigwereni komaliza. Alipo ochepa amene amafunika mankhwala kwa nthawi yaitali, koma ngakhale iwowo khunyu yawo nthawi zambiri imamvera mankhwala amodzi okha. Ine ndimaona kuti kuchedwerapo pang'ono kusiya n'kwabwino kuposa kufulumira chifukwa chotopa ndi mapiritsi.

Poti mwana wanu akuyandikira kutha msinkhu, ndiwonjezere mawu amodzi amene makolo a atsikana sauzidwa kawirikawiri. Valproate ndi mankhwala abwino a khunyu, koma amaononga mwana wosabadwa, choncho saperekedwa mwachisawawa kwa mtsikana amene angathe kutenga pakati. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital amafooketsa mapiritsi olera. Albendazole nayenso amadikira ngati pali mimba. Lero izi zingaoneke zakutali, koma ngati mankhwala angapitirire zaka, nkhaniyi idzakambidwe ndi dokotala poyera, mtsikanayo ali pomwepo.

Pakali pano, aliyense wa pakhomo ndi aphunzitsi ake adziwe chochita akagwa. Mugonekeni chammbali, chotsani zinthu zimene zingamupweteke, ikani chofewa kumutu, yang'anani nthawi. Musamupanikize, musamuike supuni, chala kapena china chilichonse m'kamwa, musamumwetse madzi kapena mankhwala asanatsitsimuke. Lilime salimeza. Ngozi zenizeni ndi moto ndi madzi. M'zaka za m'ma 1970, kumapiri a Irian Jaya, komwe lero kumatchedwa Papua m'dziko la Indonesia, njokayi inafika kwa anthu a mtundu wa Ekari kudzera mu nkhumba zochokera kwina, ndipo chimene chinadzidzimutsa madokotala poyamba sichinali khunyu, koma kuchuluka kwa anthu obwera ndi mabala a moto, atagwera pamoto usiku akuphupha. Choncho mwana wanu asaphike kapena kukhala pafupi ndi moto ali yekha, asasambire popanda wamkulu womuyang'anira, asakwere mitengo, ndipo posamba asadzitsekere. Kupatula apo, muloleni akhale mwana. Apite kusukulu, asewere, adye ndi anzake m'mbale imodzi. Kathumba ka mu ubongo sikatulutsa mazira, ndipo khunyu sipatsirana kudzera m'malovu, mpweya kapena kukhudzana. Mwana wobisidwa m'nyumba amavutika ndi manyazi kuposa mmene amavutikira ndi matendawo. Mukaona kuti akuwodzera m'kalasi kapena wayamba kutsalira pa maphunziro, uzani dokotala, chifukwa nthawi zina vuto limakhala mankhwala, ndipo amasinthika.

Kanthu kena: m'mayiko ambiri ana asukulu amalandira praziquantel onse pamodzi pofuna kuthana ndi likodzo. Ndi ntchito yabwino, koma mwana amene ali ndi mphutsi mu ubongo kapena amene amagwa khunyu asamwe nawo dokotala wake asanavomere. Auzeni aphunzitsi zimenezi nthawi isanafike.

Tsopano za azing'ono ake. Iwo sangatenge matendawa kwa mkulu wawo, pokhapokha ngati iyenso ali ndi njoka yaikulu m'matumbo, zimene zimachitika mwa odwala ochepa. Koma ngati gwero la mazira lidakali pakhomo, onse ali pangozi, inu nomwe. Ana amene sakuonetsa chizindikiro chilichonse safunika kujambulidwa mutu. Chofunika ndi kufufuza wosunga njoka. Aliyense wokhala pakhomopo, ndi aliyense wophikira banjalo, ayezetse chimbudzi, mwana wodwalayonso. Mazira satuluka tsiku lililonse, ndiye kuyeza kamodzi kokha kutha kuphonya. Ndi bwino kupereka chimbudzi cha masiku atatu osiyana. Funsaninso mwaulemu ngati wina anaonapo tizidutswa toyera taphanthiphanthi m'chimbudzi chake, poti anthu amachita manyazi kunena okha. Wopezeka nayo amachira ndi mlingo umodzi wa niclosamide kapena praziquantel, koma alandire kuchipatala, chifukwa atha kukhala ndi timatumba tobisala mu ubongo amene praziquantel angatidzutse. Masiku otsatira mankhwalawo chimbudzi chake chimakhala chodzaza mazira, choncho agwiritse ntchito chimbudzi chotetezeka ndi kusamba m'manja mosamala kwambiri.

Zotsala n'zodziwika, koma ndizo zimagwira ntchito: kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndi musanagwire chakudya, kudula zikhadabo za ana, kutsuka masamba ndi zipatso ndi madzi aukhondo, kuwiritsa madzi okayikitsa. Ngati oyandikana nanu amaweta nkhumba, nkhani yake ndi ya dera lonse: nkhumba zikhale m'khola kuti zisafike pa chimbudzi cha anthu, aliyense azipita kuchimbudzi osati kutchire, nyama iziyezedwa ndi kuphikidwa mpaka kupsa mkati. Kulinso katemera wa nkhumba wotchedwa TSOL18 ndi mankhwala a oxfendazole opha mphutsi m'nyama yake. Ku Tumbes, kumpoto kwa Peru, anaphatikiza kuchiza anthu, kuchiza nkhumba ndi katemera m'midzi yambiri, ndipo zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2016, zinaonetsa kuti kufala kwa njokayi kungathe kudulidwa m'dera lonse.

Ulendo wotsatira wa kuchipatala, tengani zithunzi za CT, mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ndi kabuku kamene muzilembamo tsiku lililonse limene wagwa, mmene zinayambira ndi mphindi zimene zinatenga. Ngati wina ali ndi foni pafupi, ajambule kanema pomwe inu mukumuthandiza, chifukwa dokotala amaphunzira zambiri poona kuposa pomva. Musachoke musanapatsidwe tsiku lodzajambulanso mutu, ndipo pemphani komweko mabotolo oyezetsera chimbudzi a anthu onse a pakhomo panu.